Dzina la m'buku, khutu la mphaka

Dzuwa likangolowa, aliyense woweta mphaka amakhala ndi ntchito yoima pakhomo n'kuitana. Dzina lililonse limene mungatole m'buku lidzayesedwa nthawi imeneyi. Mudzalifuula kawiri kapena katatu, mbale ili m'manja, aneba ali pakhonde pawo akumva, ana akubwera kuchokera kumjigo akutchera khutu. Pali mayina okoma kwambiri papepala amene amakanika pakamwa, ena amatuluka bwino pakamwa koma mphaka sawagwira, ndipo ena mphaka amawagwira bwinobwino koma amakudanitsani ndi anthu. Choncho musanakondwe ndi dzina, liyeseni pa khutu la mphaka, pa lilime la anthu a m'nyumba mwanu, ndi pa nkhani imene dzinalo lanyamula.

M'chaka cha 1939 mlakatuli T.S. Eliot anatulutsa kabuku ka ndakatulo za amphaka, Old Possum's Book of Practical Cats, ndipo ndakatulo yoyamba imati mphaka amakhala ndi mayina atatu: la tsiku ndi tsiku, lapadera limene mphaka wina aliyense alibe, ndi lachinsinsi lodziwa mwini wake yekha. Lachitatulo tilisiye kwa mwini wake. Awiri oyambawo ndi nzeru yeniyeni yogwira ntchito. Dzina lalitali la m'buku lilembeni pa khadi la katemera, ndipo mudzilitchula alendo akafunsa. Loitanira likhale lodulidwa kuchokera pa lalitalilo, la maphatikizo awiri, kapena atatu mukachulutsa. Anthu ambiri amalakwitsa poyamba ndi lalitali n'kuyembekezera kuti lalifupi lidzabwera lokha. Limabweradi, koma limabwera m'mitundu inayi, bambo lawo, mayi lawo, ana lawo, wantchito lake, ndipo mphaka amathera poyankha phokoso la mbale basi.

Musathamangire kutchula dzina tsiku loyamba. Kamphaka kamabadwa maso ali otseka, amatseguka pakatha masiku 7 mpaka 10, ndipo makutu sayamba kumva bwino mpaka katakwanitsa pafupifupi masabata awiri. Sikayenera kuchotsedwa kwa make kasanakwane masabata 8, chifukwa kamakhala kasanamalize kuyamwa komanso kasanaphunzire kusewera kosaluma kwambiri. Kakafika pakhomo panu, kapatseni masiku atatu kapena asanu m'chipinda chimodzi muli chakudya, madzi ndi beseni la mchenga lochitira chimbudzi. Masiku oyambawo kamabisala kuseri kwa kabati, ndipo mukakatcha dzina la mtengambali wamanyazi mudzadabwa sabata yotsatira kakukwera makatani.

Maonekedwe nawo amanyenga. Timphaka tonse timabadwa ndi maso abuluu, ndipo mtundu weniweni umayamba kuoneka pa masabata 6 kapena 7, n'kumakhwima kwa milungu ingapo pambuyo pake. Kamphaka ka mtundu wa Siamese kamabadwa koyera konse, kenako makutu, nkhope, miyendo ndi mchira zimada. Mphaka wakuda wokonda kugona padzuwa ubweya wake umafiirira ngati dzimbiri. Dzina lomangidwa pa mtundu wa maso a kamphaka ka mwezi umodzi limaguga msanga kuposa mwini wake.

Chosokoneza kwambiri ndi kudziwa ngati ndi kamuna kapena kakazi. Kwezani mchira pang'onopang'ono pamalo owala. Pansi pa mchira pali tizibowo tiwiri. Kwa kakazi n'toyandikana kwambiri, ndipo kam'munsiko n'kong'ambika kotalika ngati kamzere. Kwa kamuna pali mpata wokulirapo, pafupifupi sentimita imodzi pa kamphaka kakang'ono, ndipo kam'munsiko n'kozungulira ngati kadontho. Machende saoneka bwino mpaka masabata 6 kapena 10, n'chifukwa chake ma Romeo ambiri amadzabereka ana. Ubweya umathandizako: mphaka wa mitundu itatu, woyera, wakuda ndi wofiirira, kapena wosakanizika wakuda ndi wofiirira, pafupifupi nthawi zonse ndi wamkazi, chifukwa mitundu iwiriyo, wakuda ndi wofiirira, imayendera mbali ya chibadwa imene wamkazi ali nayo pawiri. Mwa amphaka ofiirira okhaokha, pafupifupi anayi mwa asanu aliwonse ndi amuna. Mukakayika, afunseni a vetenale pa tsiku la katemera woyamba, pa masabata 8 kapena 9, asanalembe dzina pa khadi.

Tsopano khutu la mwini dzina. Kale anthu ankati mphaka sadziwa dzina lake, amangobwera chifukwa cha njala. Mu 2019 Atsuko Saito ndi anzake ku Japan anafalitsa zimene anapeza atayesa amphaka 78. Ankawayikira mawu ojambulidwa kuti amve: mawu anayi wamba ofanana ndi dzina la mphakayo kutalika ndi kamvekedwe, kenako dzina lenilenilo. Amphaka ankayamba kutopa nawo mawu wambawo, koma dzina likamveka ankadzidzimukanso, ngakhale wolitchula ali mlendo. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti kuyankha kwawo kunali kugwedeza makutu ndi kutembenuza mutu. Kulira kapena kunyamuka kunali kochepa. Mphaka amene wapotoza khutu limodzi mutamuitana wamva, kubwera ndi nkhani ina imene iyenera kuphunzitsidwa payokha. Anapezanso kuti amphaka okhala ambiri m'nyumba zomwera khofi, kumene alendo amatchula mayina onse mwachisawawa, sankasiyanitsa bwino dzina lawo ndi la anzawo. Amene muli ndi timphaka tiwiri kapena titatu, mfundo imeneyi ndi yanu.

Mphaka samva tanthauzo. Amagwira kutalika kwa mawu, malembo a liwu amene ali m'kati, ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu anu. Khutu lake limafika pa mawu okwera mpaka pafupifupi 64 kHz (muyeso wa kukwera kwa mawu) pamene la munthu limalekezera pa 20 kHz, ndipo ndi mmene amamvera kulira kwa khoswe ali kudenga. Dzina lothera pa lembo la liwu limakokeka bwino poitana, mawu n'kukwera kumapeto. Apa Chichewa chatipatsa mwayi, chifukwa mawu athu onse amathera pa lembo la liwu, ndipo dzina lachilendo lililonse likalowa m'nyumba mwathu limavekedwa mchira womwewo, mufune musafune. Hodge, mphaka wa mlembi Samuel Johnson, adzakhala Hoji. Macavity, mphaka wakuba wa m'ndakatulo za Eliot uja, adzakhala Makaviti, kenako Kaviti. Romeo kwa agogo adzakhala Lomiyo. Palibe cholakwika pamenepo, bola mudziwiretu. Lembani dzinalo papepala, mupatse mwana wa sitandade 3 ndi munthu wamkulu wa pakhomopo kuti aliwerenge mokweza. Limene latuluka pakamwa pawo ndiye dzina la mphaka wanu. Mark Twain, mlembi wa ku America, anatcha amphaka ake mayina ngati Apollinaris, Zoroaster ndi Blatherskite, n'kunena mwanthabwala kuti ankafuna ana azolowere kutchula mawu ovuta. Iye anali katswiri wa nthabwala, inu mukufuna mphaka wobwera kunyumba mvula isanayambe.

Pali msampha wina umene mabuku a kunja onena za ziweto sangakuuzeni, chifukwa ndi wa chilankhulo chathu. Ganizirani mawu amene mphaka amakalipiridwa nawo m'khitchini: choka, iwe, leka, tsika. Dzina lomveka ngati limodzi mwa mawu amenewa limasokoneza. Kokha, wa m'buku la E.J. Chadza lotchedwa Kokha Mcheperawakalulu, ndi dzina lokongola la kamphaka kochepetsetsa pa anzake, kaja kamene kamakankhidwa pobere koma mtima uli ngati phiri. Koma Kokha ndi choka zili ndi malembo a liwu omwewo, kutalika komweko. Mphaka adzamva mawu amodzi amene nthawi zina amabwera ndi usipa, nthawi zina ndi tsache. Chimodzimodzi Ikemefuna wa m'buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, mukamudula kukhala Ike, wayandikira kwambiri iwe. Mukalikonda dzinalo, lidulireni kwina, Funa kapena Keme. Yerekezeraninso ndi mayina a anthu a m'nyumba. Ngati mwana wanu ndi Tina, mphaka asakhale Dinah, ngakhale kuti Dinah ndi mphaka weniweni wa Alice m'buku la Lewis Carroll la 1865.

Gwero loyandikira kwambiri la mayina ndi nthano zathu, ndipo ndi limene anthu ophunzira amalidumpha pothamangira Shakespeare. Kamdothi ndi dzina limene linangotsala pang'ono kupangidwira mphaka. Mwana woumbidwa ndi dothi, amene make ankamuitana mtambo ukangoda kuti athawe mvula: ndani wina pakhomo amene amathawa dontho loyamba kuposa mphaka? Likuyenera kamphaka kofiirira kapena kotuwa, lili ndi maphatikizo omveka bwino, ndipo aliyense wolimva amamwetulira asanafunse. Kamba ndi loyenera wamkazi wa ubweya wosakanizika wakuda ndi wofiirira uja, amene ngakhale Angerezi amamutchula potengera chigoba cha kamba. Nadzikambe lingapite kwa amene amayenda monyang'ama akamazembera buluzi, loitanira n'kukhala Nadzi. Kalulu ndi lokoma kwa kamphaka kochenjera, kotsegula zivundikiro za mapoto, ngakhale mudzatopa kufotokoza pamene mwauza mlendo kuti Kalulu wagwira khoswe.

Mabuku a Chichewa ali ndi mayina olemera, koma apa pafunika kuyenda mosamala. Nthondo, buku la Samuel Yosia Ntara limene linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa n'kusindikizidwa mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi kukhala Man of Africa, limasimba za mnyamata wovuta, wa manja aatali, amene anadzasintha atakula. Kwa kamphaka kakuba ndiwo, dzinali likukhala ngati chovala chosokedwa ndi telala. Koma ku Ntchisi Nthondo ndi dzina la ufumu, mfumu yaikulu ya dera lonse. Munthu wa kumeneko, kapena wokhala moyandikana ndi anthu a kumeneko, sangaime pakhomo n'kufuula kuti Nthondo wabanso nsomba. Kwathu kuno kutcha chiweto dzina la munthu si ulemu ngati mmene ena a ku Ulaya amaonera. Ndi chipongwe, ndipo tili ndi mwambo wakale wotcha agalu mayina olasa aneba mozembera, moti anthu akamva dzina la chiweto amayamba afunsa mumtima kuti akunena ndani.

Pachifukwa chomwecho, siyanitsani mtengambali ndi mlembi. Ku London munthu akhoza kutcha mphaka wake Dickens popanda wodandaula. Ntara, Chadza, Gwengwe, Zingani, Chimombo, Mapanje, Rubadiri ndi mayina a mabanja amene alipo, ana ndi zidzukulu zawo timakwera nawo minibasi imodzi. Kukonda ndakatulo za munthu sikukupatsani chilolezo choyika dzina la bambo ake pa nyama yogona m'phulusa. Mayina a m'Baibulo nawo, ngakhale ndilo buku lowerengedwa kwambiri m'nyumba zathu, ali ndi vuto lomweli kawiri: Rute, Yobu ndi Estere ndi anthu a mumpingo mwanu, ndipo mayina a aneneri ngati Musa ndi Isa ndi opatulika kwa aneba achisilamu. Asiyeni.

Kenako werengani nkhaniyo mpaka kumapeto. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu akalandira timphaka tiwiri ta mimba imodzi, maganizo amathamangira pa mayina oyendera limodzi, ndipo Sikusinja ndi Gwenembe, a m'nthano imene J.W. Gwengwe anailemba m'buku, amabwera msanga. Pa khutu ndi abwino kwambiri: Sinja ndi Gwene safanana n'komwe, mphaka aliyense adzadziwa lake. Koma Gwenembe anapha m'bale wake chifukwa cha nsanje, mbalame n'kuulula. Pali mabanja amene angaseke nazo, makamaka timphakato tikamagwetsana pamkeka, ndipo pali ena amene sangafune dzina la wakupha m'bale wake lizitchulidwa pakhomo tsiku lililonse kwa zaka 15. Okonkwo wa m'buku la Achebe lija amamveka wamphamvu, koma bukulo limathera pa iye atadzimangirira. Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene Steve Chimombo anachilembera ndakatulo, lingaoneke dzina lanthabwala la kamphaka kogwetsa makapu. Kwa anthu a ku Phalombe amene akukumbukira madzi a mu 1991, kapena a ku Chilobwe ndi ku Mulanje amene anataya abale pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, mawu amenewa si oseweretsa.

Mphaka wakuda ali ndi nkhani yakeyake. M'madera ambiri anthu amamuyang'ana ndi diso lokayika, ndipo kunamiziridwa ufiti kwavulazitsa anthu enieni, makamaka okalamba. Mabuku a kunja adzaza ndi amphaka a afiti. Graymalkin ndi mphaka amene mfiti imamuitana koyambirira kwa sewero la Macbeth. Behemoth wa m'buku la Mikhail Bulgakov ndi chimphaka chakuda choyenda ndi Satana. Kwa wowerenga wa ku Moscow n'zoseketsa. Kwa agogo okhala okha kumudzi amene mwawapatsa kamphaka kuti kaziwagwirira makoswe m'nkhokwe, tsiku limene mdzukulu wa kusekondale adzafotokozere anzake tanthauzo la dzinalo mwawaika pamoto. Mphaka wakuda mupatseni dzina lofewa. Bagheera, nyalugwe wakuda woteteza mwana m'nkhani za Rudyard Kipling za 1894, amakhala Bagira mosavuta, ndipo mbiri yake ndi ya mlezi.

Njira ina yabwino, imene imapewa kulasa munthu aliyense, ndi kutenga dzina la mphaka weniweni wa mlembi. Hodge anali mphaka wa Samuel Johnson, amene analemba dikishonale yotchuka ya Chingerezi ya 1755. James Boswell, amene analemba mbiri ya moyo wa Johnson, analemba kuti Johnson ankapita yekha kukamugulira nkhono za m'nyanja, poopa kuti akatuma antchito angayambe kudana ndi mphakayo, nzeru imene ikugwirabe ntchito m'nyumba iliyonse yokhala ndi wantchito. Chiboliboli cha Hodge chili ku Gough Square mu London kuyambira 1997. Pangur Bán ndi mphaka woyera wa mmonke wa ku Ireland wa zaka za m'ma 800, amene analemba ndakatulo yofanizira ntchito ziwiri: iye kusaka mawu m'mabuku, mphaka kusaka makoswe, aliyense osasokoneza mnzake. Kwa mphunzitsi kapena wophunzira wowerenga usiku kamphaka kali pa tebulo, Pangu ndi dzina lovuta kuliposa. Tybalt wa mu Romeo and Juliet si mphaka, koma Mercutio, mtengambali wina m'seweroli, amamunyoza kuti kalonga wa amphaka, chifukwa m'nthano zakale za ku Ulaya za nkhandwe yochenjera munali mphaka wa dzina lofanana nalo. Tibo ndi loyenera kamuna kandewu.

Za Romeo ndi Juliet pa timphaka ta mimba imodzi, vuto si dzina. Mphaka sadziwa chibale. Wamkazi akhoza kutenga bere ali ndi miyezi 4 yokha, bere limatha masiku 63 mpaka 65, ndipo m'bale wake yemweyo ndi amene ali pafupi. Kaya mwawatcha chiyani, konzani zofula wamwamuna ndi kutseketsa wamkazi pa miyezi 4 mpaka 6. Mukachedwa mudzafunika mayina ena asanu chaka chisanathe.

Posankhira awiri kapena atatu, lamulo ndi lakuti malembo a liwu asiyane ndipo kuyamba kwa dzina kusiyane. Nadzi ndi Kamba onse ayamba ndi liwu la a ndipo ndi ofanana kutalika, choncho ndi oyandikana kwambiri. Tibo ndi Kamdothi ndi otalikirana bwino. Mayina omveka ngati mapasa, amene makolo amakonda kupatsa ana amapasa, kwa amphaka amangosanduka dzina limodzi la gulu lonse. Ofufuza ena a ku Kyoto anasonyeza mu 2022 kuti amphaka a m'nyumba imodzi amatha kugwirizanitsa dzina la mnzawo ndi nkhope yake, koma zimenezi zimatheka pamene mayinawo akusiyana ndipo anthu akuwagwiritsa ntchito mosasakaniza.

Dzina likapezeka, kuliphunzitsa kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri mukachita mwadongosolo. Sankhani nthawi imene kamphaka kali ndi njala, mphindi zochepa chakudya chisanaperekedwe. Konzani tizidutswa 10 ta nyama ya nkhuku yophika yopanda mchere, kapena usipa wauwisi wowiritsa, kalikonse kosaposa njere ya chimanga. Khalani pansi, mtunda wa mita imodzi. Tchulani dzina kamodzi kokha, ndi mawu okwera pang'ono. Kakangotembenuza mutu kukuyang'anani, perekani kachidutswa pompo, sekondi imodzi kapena ziwiri zisanadutse, chifukwa mukachedwa kamagwirizanitsa mphothoyo ndi china chimene kachita pakatipo. Dikirani kayang'ane kumbali, mubwerezenso. Tizidutswa tikatha, mwamaliza, ndipo zonsezi siziyenera kupitirira mphindi zitatu. Chitani kawiri kapena katatu pa tsiku.

Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, kakamatembenuka maulendo 8 mwa 10, talikirani kufika mamita atatu kuti kazichita kuyenda kudzatenga. Kenako itanani muli chipinda china, kenako wailesi ikulira, kenako pakhonde. Aliyense wa m'nyumba achiteko, ndi dzina lomwelo, lodulidwa mofanana. Sabata yachiwiri yambani kupereka chakudya mwa apo ndi apo, nthawi zina kukanda pansi pa chibwano kapena kuseweretsa kachingwe m'malo mwake, koma musasiyiretu. Timphaka tiwiri tiphunzitseni payekhapayekha, chitseko chili chotseka, apo ayi kamene kali kachangu kadzadya mphotho za mayina onse awiri n'kuphunzira kuti onsewo ndi ake. Zopatsa pophunzitsazi zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsiku, kuopa kutsegula m'mimba.

Samalani ndi zimene mukupereka ngati mphotho. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akasiya kuyamwa. Ndiwo zotsala za m'poto zimakhala ndi anyezi ndi adyo, zimene zimaononga magazi a mphaka. Nsomba zouma zothira mchere wambiri zinyikeni kaye m'madzi, ndipo mafupa a nkhuku yophika amathetheka n'kubaya. Pamene tili pa zoopsa, ziwiri izi zimapha amphaka ambiri m'manja mwa anthu owakonda: Panado, ngakhale kachidutswa, ndi mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin.

Zimene zimaononga dzina n'zodziwika. Choyamba ndi kulibwereza ngati nyimbo. Mukati Tibo, Tibo, Tibo, Tibo iye akuyang'ana gulugufe, mukumuphunzitsa kuti mawuwo ndi phokoso ngati la wailesi. Tchulani kamodzi, akapanda kuyankha yandikirani kapena dikirani. Chachiwiri ndi kukalipa ndi dzina. Mphaka akakwera pa tebulo, mawu akhale tsika kapena kuomba m'manja, dzina lisalowepo. Chachitatu ndi kumuitanira zowawa zokhazokha: kumwa mankhwala a njoka za m'mimba, kulowa m'bokosi kupita kukabayitsa katemera wa chiwewe pa masabata 12, kutsekeredwa. Pa zinthu zotere pitani mukamunyamule mwakachetechete. Mphaka amene waitanidwa katatu n'kupeza jakisoni amaphunzira msanga kuposa amene waitanidwa kakhumi n'kupeza usipa.

Ngati mwalandira mphaka wamkulu amene ali kale ndi dzina, kapena Romeo wanu wapezeka ndi bere, kusintha n'kotheka. Kwa masiku asanu kapena asanu ndi awiri tchulani latsopano kutsogolo, lakale pambuyo, mphotho n'kutsatira. Kenako lakalelo muzilinena motsitsa mawu mpaka mutalisiya. Kusunga malembo a liwu a dzina lakale kumafupikitsa ntchito, mwachitsanzo Pusi kukhala Juli. Khadi la katemera kalikonzetseni kwa a vetenale kuti dzina ligwirizane. Amene mukuganiza zodzapita naye mphaka ku South Africa kapena ku Britain, dziwani kuti kumalire sayang'ana dzina. Amayang'ana nambala ya manambala 15 ya kachipangizo kamene amakabaya pansi pa khungu la pakhosi, ndipo nambala imeneyo ndi imene iyenera kufanana pa mapepala onse.

Si mphaka aliyense wa m'mabuku amene ali ndi dzina. Doris Lessing, amene anakulira pa famu ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe, analemba buku lonse la amphaka mu 1967, Particularly Cats, ndipo awiri otchuka m'menemo amangotchedwa mphaka wotuwa ndi mphaka wakuda. Mphaka wosimba nkhani m'buku la Natsume Soseki la ku Japan amayamba ndi kunena kuti alibe dzina, ndipo amafika kumapeto alibebe. M'midzi mwathu amphaka ambiri ndi a Pusi kapena a Chona, ndipo amabwera ndithu. Ubwino wa dzina lakelake umaoneka pamene pali amphaka angapo moyandikana, chifukwa mukaitana kuti pusi pusi mumalandira a mudzi wonse.

Pomaliza pali kamphaka kamene mwachita zonsezi kwa masabata awiri koma sikatembenuka n'komwe. Musanakatche kouma mutu, yesani makutu. Imani kumbuyo kwake pamene sikakukuonani, patali pang'ono kuti mphepo ya manja anu isakafike, mugwedeze makiyi kapena mukhwekhwereze pepala. Khutu la mphaka wakumva limapotokera kumene kwachokera phokoso ngakhale mwini wake akunamizira kugona. Likapanda kusuntha, a vetenale aone ngati m'makutu muli tizilombo kapena mafinya, zimene zimachizika. Koma amphaka oyera, makamaka a maso abuluu osasintha, ambiri amabadwa osamva khutu limodzi kapena onse awiri, ndipo zimenezo sizichizika. Pangu wotere asamatuluke yekha kumsewu, chifukwa samva galimoto kapena galu. Muphunzitseni ndi tizidutswa tomwe tija, koma m'malo mwa mawu gogodani pansi kawiri ndi chidendene kuti amve kunjenjemera, kapena madzulo muthwanimitse tochi kawiri. Dzina la m'buku likhala pa khadi ndi pakamwa pa anthu, iye aziyankha tochi.